Malikisi a LSAT akakana kukwera

Loweruka lina m'mawa ndinamaliza mayeso oyeserera a LSAT, n'kudina poonera zotsatira. Panatuluka 157. Sabata yapitayo inali 158, inayo 156. Ndinatsegula kope lomwe ndinkalembamo malikisi n'kutsika nawo mzere wonse ndi chala: miyezi itatu yathunthu ndikungozungulira pakati pa 155 ndi 158. Chonsecho tsiku lililonse ndikaweruka kuntchito ndinkakhala patebulo maola awiri, ndipo Loweruka silinkadutsa osalemba mayeso athunthu. Mwezi woyamba malikisi anali atakwera mofulumira kuchoka pa 146, moti ndinkaona ngati zipitirira choncho. Kenako anangoima njo.

LSAT ndi mayeso amene sukulu zambiri za zamalamulo ku America ndi ku Canada zimafuna kwa munthu wofuna digiri ya JD, ija ya zaka zitatu yomwe umayamba utamaliza kale digiri ina. Amene amakonza mayesowa ndi bungwe la LSAC. Ngati muli kale ndi LLB, kaya ya ku Zomba kaya ya kwina, ndipo mukufuna LLM, digiri ya masitazi ya zamalamulo, nthawi zambiri mayesowa sakukhudzani, sungani ndalama zanu. Malikisi ake amayambira pa 120 kulekeza 180. Munthu wapakatikati amapeza cha m'ma 150, pomwe ku Yale ndi ku Harvard ophunzira ambiri amalowa ndi malikisi opitirira 170. Mapointi anayi kapena asanu amaoneka ochepa, koma fizi ya sukulu zambiri zomwe si zaboma imapitirira madola 50,000 pachaka, ndipo thandizo la fizi limene sukulu zimapereka limatsamira kwambiri pa LSAT. Kwa mwana wa kwathu amene alibe malume womulipirira, mapointi amenewo ndiwo amasiyanitsa kupita ndi kutsala.

Kuyambira mu Ogasiti 2024, mayesowa ali ndi zigawo zinayi za mphindi 35 chilichonse. Ziwiri ndi za Logical Reasoning (kusanthula mfundo za m'tindime tatifupi), chimodzi ndi cha Reading Comprehension (kumvetsa ndime zazitali), ndipo chachinayi n'choyesera mafunso atsopano, sichiwerengedwa, koma simuuzidwa kuti ndi chiti. Chigawo cha Logic Games chinachotsedwa. Ngati wina anakusiyirani mabuku akale okhala ndi zojambula za anthu asanu ndi awiri okhala mozungulira tebulo, masamba amenewo adumpheni.

Vuto langa linali ili. Mayi akapita ndi mwana kusikelo, mwana amakolekedwa, singano imaloza nambala, adokotala amalemba m'buku. Koma palibe mayi amene amaganiza kuti akamapita kusikelo sabata iliyonse ndiye kuti mwana anenepa. Chimanenepetsa mwana ndi phala. Ine miyezi itatu ija ndinkangopita kusikelo. Ndinkalemba mayeso, kuona nambala, kuyang'ana mayankho olondola mothamanga, kunena kuti "aa, inde, ndi D," n'kudikira Loweruka lina. Mapointi oyamba aja anabwera chifukwa chongozolowera maonekedwe a mafunso. Atatha amenewo, chinatsala ndi zizolowezi zanga za kaganizidwe, ndipo mayeso aliwonse atsopano ankangozikhwimitsa.

Choyamba: lekani kaye mayeso athunthu

Musanadandaule, onetsetsani kuti malikisi aimadi. LSAC yeniyeniyo imapereka zotsatira limodzi ndi kampata ka mapointi angapo kumwamba ndi kumunsi, chifukwa munthu yemweyo sangapeze nambala imodzimodzi masiku awiri osiyana. Kuchoka pa 158 kufika pa 156 si kubwerera m'mbuyo, ndipo kuchoka pa 156 kufika pa 158 si kupita patsogolo. Tengani mayeso anu asanu omaliza, phatikizani malikisi, gawani ndi 5. Chitani chimodzimodzi ndi asanu am'mbuyo mwake. Ngati nambala ziwirizo zikufanana, mwaimadi.

Zikatero, khalani masabata atatu osalemba mayeso athunthu. Mtima udzakana, chifukwa kulemba mayeso kumamveka ngati ntchito yeniyeni. Koma mayeso enieni akale, omwe amatchedwa PrepTest ndipo amapezeka pa LawHub, tsamba la pa intaneti la LSAC, ndi owerengeka. Aliwonse amene mwalemba osawaunika bwino mwawataya, ndipo simungawalembenso ngati achilendo.

Chachiwiri: dziwani ngati vuto ndi wotchi kapena kumvetsa

Tengani chigawo chimodzi chokha, mulembe ndi wotchi, mphindi 35. Funso lililonse limene mwayankha mtima ukukayika, ngakhale pang'ono, liikeni chizindikiro. Nthawi ikatha musaone mayankho. Apa ndi pamene pamafunika kudzigwira. Imwani madzi, bwererani ku mafunso onse a chizindikiro ndi amene simunawafike, muwayankhenso popanda wotchi, ngakhale funso limodzi likutengereni mphindi khumi. Musachoke pa funso musanathe kunena chifukwa chake yankho limodzi lili lolondola ndi chifukwa chake lililonse mwa anayi enawo lili lolakwika. Mukamaliza, onani mayankho. Anthu okonzekera mayesowa amaitchula njirayi kuti blind review.

Tsopano muli ndi malikisi awiri pa chigawo chimodzi. Ngati ndi wotchi munakhoza 16 pa mafunso 25, koma popanda wotchi mwakhoza 23, nzeru zake muli nazo, chikukusowani ndi liwiro ndi kukhazikika mtima. Ngati ndi wotchi ndi 16 ndipo popanda wotchi ndi 17, kuthamanga sikungakuthandizeni, pali chinachake chimene simunachimvetse, ndipo muyenera kuiwala za wotchi kwa kanthawi.

Koma mafunso amene muyenera kuwaopa kwambiri ndi aja amene simunawaike chizindikiro, munadutsa mtima uli m'malo, n'kupezeka kuti mwalakwa. Pamenepo ndi pamene pabisala chizolowezi choipa, chifukwa ubongo wanu unaona cholakwika n'kuchilandira ngati mlendo wodziwika. Funso limodzi lotere limaphunzitsa kuposa mafunso khumi ovuta amene munadziwa kale kuti akugonjetsani.

Chachitatu: kope la zolakwa

Gulani kope wamba, la masamba 80 likwanira. Ndimakonda kope kuposa foni chifukwa dzanja likamalemba pang'onopang'ono, mutu sunama. Funso lililonse limene mwalakwa, kapena mwakhoza mwamwayi, lipatseni theka la tsamba. Lembani nambala ya PrepTest ndi ya funso, mtundu wa funsolo, yankho limene munasankha, ndi lolondola. Izi n'zosavuta. Ntchito ili pa mizere itatu yotsatira: chimene chinakukokerani ku yankho lolakwika, mawu enieni amene munaphonya mu yankho lolondola kapena m'ndime, ndi chimene mudzachite mukakumananso ndi msampha womwewo.

Pali mawu awiri amene ndinadziletsa kulemba m'kopemo: "ndinapupuluma" ndi "sindinaonetsetse". Masabata oyamba masamba anga anadzaza ndi mawu amenewa, ndipo sanandiuze kanthu. Munthu supupuluma paliponse, umapupuluma pamalo ena ake. Tsiku lina ndinadzikakamiza kulemba zenizeni, ndipo zinatuluka motere: "Ndinasankha B chifukwa zimene ikunena n'zoona m'moyo, koma sizikukhudza mfundo ya wolemba. Mu D ndinadumpha mawu oti before, omwe akusonyeza kuti vutolo linalipo kale. Ulendo wina ndidzifunse: yankholi likugunda mfundo, kapena likungolankhula nkhani yofanana?" Patatha masiku khumi ndinawerenga kope lonse kuyambira koyamba, n'kupeza kuti chiganizo choyambacho ndachilemba kasanu ndi kawiri, pa mafunso a mitundu yosiyana. Sindinali ndi mavuto makumi awiri pa mayeso aliwonse monga ndinkaganizira. Ndinali ndi atatu, obwerezabwereza.

Lamlungu lililonse werengani kopelo lonse, muike zolakwa m'magulu. Gulu lalikulu ndilo ntchito yanu ya sabata ikubwerayo. Ndipo kumbukirani kuti mtunda si wautali monga umaonekera: mafunso owerengedwa sakwana 80, ndipo pakatikati pa sikelo ya malikisi, kuchoka pa 157 kufika pa 163 ndi nkhani ya mafunso osakwana khumi. Atatu pa chigawo chilichonse.

Chachinayi: timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mabuku olembedwera ana a ku America sanena zimenezi, ndipo ife amene timaganiza m'Chichewa timagwa pamenepa osadziwa. Vuto si mawu akuluakulu ayi. Amene anakhoza Chingerezi pa MSCE n'kumaliza digiri amawadziwa mawu akuluakulu. Vuto ndi timawu timene timatidziwa kuyambira Sitandade 5.

Tengani liwu lathu loti "ambiri". Timaligwiritsa ntchito pomasulira many, timaligwiritsanso ntchito pomasulira most. M'mutu mwathu ndi chinthu chimodzi. Pa LSAT ndi zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri. Most ndi kupitirira theka, 51 pa 100 kapena kuposa. Many salonjeza theka, akhoza kukhala anthu 30 pa anthu 1,000. Onani kusiyana kwake. M'kalasi muli ana 100. Ngati opitirira theka amakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo opitirira theka amabwera panjinga, ndiye kuti palipo ndithu mwana amene amakhala kutsidya komanso amabwera panjinga, chifukwa 51 ndi 51 sangakwane mu 100 osagundana. Koma ngati ndime yangoti many amakhala kutsidya ndipo many amabwera panjinga, simungatsimikize kanthu. Olemba mayeso amadziwa kuti anthu amasakaniza ziwirizi, ndipo amaika yankho lokongola lomwe lasintha many kukhala most.

Liwu loti "ena" nalonso lili ndi msampha. Tikati "ana ena adya," aliyense amamva kuti ena sanadye. Some wa pa LSAT amangotanthauza mmodzi kapena kuposa, ndipo akhoza kukhala onse. Ndime ikati maloya ena ndi oona mtima, sinanene kuti ena ndi abodza. Mukasankha yankho lonena choncho, mwawonjezera zanu.

Ndiye pali unless ndi only if. Mwamwayi Chichewa chili ndi liwu labwino kwambiri pamenepa: pokhapokha. "Simulowa m'chipinda cha mayeso pokhapokha mutalipira fizi." Chiganizochi chikutiuza zinthu ziwiri zokha. Tikakuonani muli m'chipindamo, munalipira. Ngati simunalipire, simulowa. Sichikunena kuti aliyense wolipira alowa: mukhoza kulipira n'kuchedwa, kudwala, kapena kuiwala chiphaso. Fizi ndi chinthu chofunika, koma si chokwanira. Mafunso ochuluka a Logical Reasoning amazungulira pa kusiyana kumeneku, pakati pa chimene chiyenera kukhalapo ndi chimene chikakhalapo basi nkhani yatha. Wolemba amati: mvula ikagwa msewu wa kwathu umaterera, lero msewu ukuterera, choncho mvula yagwa. Bwanji ngati paipi yaphulika?

Chimene chinandithandiza n'chakuti, chiganizo chilichonse chokhala ndi unless, only if, except, until kapena without ndinkaimapo n'kuchinena m'Chichewa chapakamwa, ngati ndikuuza mng'ono wanga. Ndikalephera kuchinena m'Chichewa, ndiye kuti sindinachimve, ndangochiwerenga. Poyamba zimadya nthawi. Pakatha masabata awiri mutu umayamba kuchita wokha, simufunikanso kumasulira.

Chachisanu: pezani dzenje musanaone mayankho

Kusukulu tinazolowera mayeso ofuna zimene tinaloweza. Ukawerenga manotsi ndi mapepala a mayeso akale okwanira, umakumana ndi funso lomwe unaliona kale. LSAT sifunsa chilichonse chimene mungaloweze, sifunsa ngakhale lamulo limodzi. Imakupatsani kandime ka mizere isanu kapena isanu ndi umodzi momwe wina akufuna kuti muvomereze mfundo yake, n'kuona ngati mungazindikire pamene walumpha.

Nachi chitsanzo changa, chopeka, koma chomangidwa monga amamangira iwo. "M'boma lina, ana a m'midzi yokhala ndi mijigo yatsopano satsekula m'mimba kawirikawiri poyerekeza ndi ana a m'midzi ina. Choncho mijigo ikakumbidwa m'midzi yotsalayo, matendawa achepa."

Musanayang'ane A mpaka E, chitani zinthu zitatu. Pezani mfundo imene wolemba akufuna muvomereze: matenda achepa mijigo ikakumbidwa. Pezani umboni wake: midzi ya mijigo ili ndi odwala ochepa. Kenako funsani kuti, umboniwo utakhala woona ndithu, mfundoyo ingalephere bwanji? Mwina okumba mijigo anasankha midzi ya m'mbali mwa msewu, yomwe ili pafupi ndi chipatala ndipo inali kale ndi zimbudzi. Mwina matenda anali ochepa m'midzi imeneyo mijigo isanabwere. Dzenje ndi limenelo: zinthu ziwiri zapezeka pamodzi, iye wagamula kuti china chabala chinzake.

Mukalowa m'mayankho muli nalo kale dzenje m'manja, simutengeka. Funso likafuna yankho lofooketsa mfundoyo, mudzapeza lina lonena kuti kukumba mjigo n'kodula kwambiri. N'zoona, aliyense wa kumudzi akudziwa, koma wolemba sananene za mtengo, wanena za matenda. Yankho limenelo ndi lija linandigwetsa kasanu ndi kawiri.

Mafunso ofuna chimene wolemba wachitenga ngati chodziwikiratu osachinena, aja a necessary assumption, ali ndi kiyi wake. Tengani yankho, mulitembenuze kuti likane, muone ngati mfundo ikugwa. Yankho lina likuti, "Anthu a m'midzi yotsalayo adzatunga madzi pa mijigo yatsopanoyo." Litembenuzeni: sadzatungapo. Mfundo yagwa pomwepo, chifukwa mjigo wosatungidwa suchiritsa mwana. Ndiye kuti yankholi ndi lofunikadi. Lina likuti, "Matenda onse a m'mimba amachokera m'madzi." Litembenuzeni: si onse amachokera m'madzi. Mfundo ikadali chilili, chifukwa ngakhale ena atachokera kwina, madzi abwino akhoza kuchepetsabe odwala. Yankho lachiwirili limamveka lamphamvu, n'chifukwa chake limakopa. Pa mafunso a mtundu uwu, yankho lolondola nthawi zambiri limakhala lofatsa, losadzitama.

Kope lanu likakuuzani mtundu wa mafunso umene ukukugwetsani, sonkhanitsani mafunso 20 kapena 30 a mtundu womwewo kuchokera m'mayeso akale, muwachite motsatizana popanda wotchi, masiku atatu kapena anayi. Mukawaona ali pamodzi, mumayamba kuzindikira kuti nkhani zimasintha, lero ndi mbalame, mawa ndi misonkho, koma mafupa ake ndi omwewo. Maenje amene olemba mayeso amagwiritsa ntchito si ochuluka: kusakaniza chofunika ndi chokwanira, kutenga zochitikira pamodzi ngati china chabala chinzake, kugamula za gulu lonse poona anthu ochepa osankhidwa molakwika, kunyoza munthu m'malo moyankha mfundo yake, kusintha tanthauzo la liwu pakati pa ndime, kusakaniza chiwerengero ndi peresenti.

Chachisanu ndi chimodzi: ndime zazitali

Ambiri amati Reading Comprehension sikwera, umabadwa nayo. Sindivomereza. Imakwera mochedwa, koma imakwera. Chigawochi chili ndi magulu anayi a zowerenga, za malamulo, za sayansi, za mbiri ndi chikhalidwe cha anthu, za luso ndi zolembalemba, ndipo kawirikawiri gulu limodzi limakhala la ndime ziwiri zazifupi zoti muziyerekeze. Mphindi 35 mukazigawa kanayi, gulu lililonse limapeza mphindi zosakwana 9.

Cholakwa changa chinali kuwerenga ngati ndikukonzekera kuloweza, kupaka utoto mayina ndi zaka mpaka theka la ndime litasanduka lachikasu. Zing'onozing'onozo sizithawa, zili pomwepo, mukhoza kubwerera. Chimene muyenera kutuluka nacho ndi mamangidwe a ndime: akulankhula ndani, akutsutsana ndi ndani, ndipo wolemba waima mbali iti. Mukamaliza kandime kalikonse, lembani papepala mawu osapitirira asanu. Ine ndinkalemba m'Chichewa: "akale ankati chonchi," "wina akutsutsa," "wolemba akugwirizana pang'ono," "chitsanzo." Kulemba m'Chichewa kunkandiletsa kukopera mawu a m'ndime osawamva.

Tcherani khutu ku timawu tosonyeza mtima wa wolemba, monga however, admittedly, supposedly, rightly. Kaliwu kamodzi kotere kakhoza kuyankha mafunso awiri. Ndipo pounika, funso lililonse limene mwalakwa musalisiye musanaloze ndi chala mzere weniweni umene ukutsimikiza yankho lolondola. Mzerewo umakhalapo nthawi zonse.

Ngati nkhani za sayansi zimakuzunguzani mutu, muziwerenga nkhani imodzi ya mu Scientific American kapena The Economist tsiku lililonse kwa mphindi 15, kenako muifotokoze pakamwa osayang'ana.

Chachisanu ndi chiwiri: bwezerani wotchi pang'onopang'ono

Liwiro limabwera chifukwa chomvetsa, silibwera chifukwa chothamangitsa maso. Mukayamba kukhoza 22 kapena 23 pa 25 popanda wotchi, dzipatseni mphindi 45 pa chigawo, kenako 40, kenako 35. Kuthamanga sikufika.

Mafunso onse amalemera chimodzimodzi, lovuta ndi losavuta pointi yake ndi imodzi, ndipo kulakwa sikuchotsetsa malikisi. Choncho musasiye funso lopanda yankho, ndipo musamenyane ndi funso limodzi mphindi zinayi pomwe kutsogolo kuli atatu osavuta akukudikirani. Mu Logical Reasoning mafunso khumi oyambirira nthawi zambiri amakhala opepukirapo. Yesetsani kuwamaliza m'mphindi 11 kapena 12 kuti musunge nthawi ya ovuta a kumapeto. Funso likakukanikani mutaliwerenga kawiri, sankhani yankho, ikani chizindikiro, pitirirani. Amene akufuna 160 safunika kukhoza zonse, akhoza kuphonya mafunso pafupifupi 20 pa mayeso onse n'kufikabe. Kusankha mwadala mafunso atatu oti muwalumphe pa chigawo kumakupatsani mtendere pa 22 otsalawo.

Chachisanu ndi chitatu: mnzanu, tulo, ndi kubwerera kusikelo

Mutu umodzi susenza denga. Pezani munthu mmodzi, ngakhale pa WhatsApp, woti kawiri pa sabata muzimufotokozera mafunso atatu amene munalakwa. Safunika kukhala wodziwa LSAT. Ine ndinkafotokozera mchemwali wanga, amene ntchito yake ndi ya unamwino, ndipo funso lake linali limodzi: "Nanga C walakwa chiyani?" Nthawi zambiri ndinkayamba kuyankha molimba mtima n'kuima pakati, chifukwa ndinali ndisanaganizepo. Ngati muli ndi ndalama zolipira mphunzitsi, mupite naye kope lanu, maola awiri kapena atatu pa vuto lodziwika aposa maola makumi awiri oyambiranso pachiyambi.

Ambiri a ife kunja kuno timawerenga titachoka ku shifiti, maso ali psu. Ola limodzi m'mawa mutagona bwino limaposa maola atatu a usiku. Mukaona kuti mukuwerenga chiganizo katatu osamva, kapena malikisi ayamba kutsika ndithu, pumani masiku anayi kapena asanu osagwira buku. Simuiwala kanthu. Tsiku limodzi pa sabata likhale lopuma nthawi zonse.

Masabata atatu aja akatha, bwererani ku mayeso athunthu, koma amodzi pa sabata basi, ndipo tsiku lotsatira lonse likhale lowaunika. Lembani monga zidzakhalire tsikulo: pa kompyuta, pa LawHub, zigawo zonse zinayi, kupuma mphindi 10 pakati pa chachiwiri ndi chachitatu, foni ili kuchipinda china, pa ola lomwe mudzalembere enieniwo. Musadabwe mayeso oyamba akatsika. Anga anatsika kufika 154, chifukwa njira zatsopano zinali zisanakhazikike ndipo zinkandidyera nthawi. Achiwiri anali 159. Patatha masabata asanu ndi limodzi ndinaona 163 koyamba, ndipo sindinabwererenso m'ma 150.

Za kulembetsa, musathamangire tsiku chifukwa choti anzanu alembetsa. Kulemba kamodzi kumadya madola opitirira 200, ndipo LSAC imalola kulemba kasanu m'zaka zisanu, kasanu ndi kawiri moyo wonse. Sukulu zimaona malikisi anu onse a m'zaka zimenezo, ngakhale zambiri zimatsamira pa apamwamba. Lembetsani pamene mayeso anu asanu omaliza, mukawaphatikiza n'kugawa, akufika pa nambala imene mukufuna kapena kupitirira pang'ono, chifukwa tsiku lenileni mantha amadyako pointi imodzi kapena ziwiri. Musaiwalenso chigawo cholemba nkhani, LSAT Argumentative Writing, chomwe chimalembedwa padera pa intaneti. Sichilowa mu 120 mpaka 180, koma popanda icho malikisi anu oyamba satulutsidwa, choncho chichiteni msanga.

Sabata yomaliza musalembe mayeso athunthu kupitirira Lachiwiri. Masiku otsalawo werengani kope lanu la zolakwa kuyambira tsamba loyamba, mutulutsemo ziganizo zitatu zimene zabwerezedwa kwambiri, muzilembe pa kapepala kamodzi. M'mawa wa tsiku la mayeso, mutadya, werengani kapepalako, chitani mafunso asanu osavuta amene munawachitapo kale kuti mutu udzuke, kenako kapepalako mukasiye m'chikwama.